Dzina la Pilira Silituluka pa Wailesi

"Abambo, lero ndi tsiku lomaliza."

Pilira ananena mawu amenewa ataima pakhomo, kalata ya kusukulu ili m'manja. Unali m'mawa wa Lachisanu, mwezi wa Ogasiti, ndipo mphepo yozizira ya ku Winterveld inkalowa m'nyumba yawo ya malata ngati chitseko palibe. Bambo ake, a Rabson Chakufwa, anali atawerama akumanga zingwe za nsapato. Mtima wawo wonse unali pa takisi yoyamba. Ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Garsfontein, tsidya lina la Pretoria, ndipo ukaphonya takisi imeneyo umakapeza madamu atayang'ana kale wotchi kawiri.

"Lomaliza la chiyani?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Lolembetsa malo a Giredi 8. Aphunzitsi athu, Amayi Maluleke, akuti kholo lifike kusukulu isanakwane thuu koloko. Akuti lero likadutsa, basi atseka."

"Wapalamula chiyani kusukuluko?"

"Sindinapalamule kanthu, Abambo."

"Nanga ine ndikatani? Kholo limaitanidwa mwana akaswa windo kapena akatukwana aphunzitsi. Iwe uli nambala thuu m'kalasi. Bweretsa ndisayine."

"Akuti kusayina kokha sikuthandiza. Eish, Abambo, iyitu ndi kalata yachinayi."

A Rabson anaimirira n'kuvala jekete. Apa tsopano analankhula ndi mawu aja a munthu wodziwa zonse.

"Tamvera, mwana iwe. Sukulu ndinaidziwa iwe usanabadwe. Seveni ikatha pamabwera eyiti, pasukulu pomwepo, chitseko chotsatira. Ukamaliza eyitiyo udzalemba mayeso a boma, ndipo boma ndi limene limasankha wopita ku sekondale. Kholo silipempha malo ngati likupempha mchere. Zimenezo ndi za chaka chamawa."

"Koma pasukulu pathu palibe Giredi 8, Abambo. Kuno..."

"Basi! Takisi indisiya."

Pilira sanalire. Anangoluma mlomo n'kupinda kalatayo kanayi. Bambo ake atatembenuka kuti atenge chipewa, iye anailowetsa m'jumbo momwe munali buledi wawo wa teni koloko.

Musafulumire kuwaweruza a Rabson. Mwana wawoyu ankamukonda, ndipo aliyense pa yadi imene ankachita lendi ankadziwa zimenezo. Nsapato za kusukulu zikang'ambika Lolemba, pofika Loweruka Pilira amakhala ali ndi zatsopano. Magetsi akazima, nyali ya sola inali ya Pilira, ena onse azipapasa mumdima. Koma pageti ya sukulu a Rabson anali asanapondepo chiyambire tsiku limene mkazi wawo, a Lonely, anakamulembetsa mwanayo Giredi 1.

Zifukwa zinalipo, china chonenedwa, zina zobisa. Chonenedwa chinali ntchito: kuchoka kusanache, kubwera dzuwa litalowa. A Lonely nawonso ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Garsfontein komweko, ankagona konko, n'kumabwera kunyumba Loweruka masana basi. Zobisazo zinali ziwiri. Chingerezi cha a Rabson chinali cha m'gadeni: dula apa, thirira apo. Kalata ya kusukulu ikabwera ankangofufuza pamene pali mzere n'kusayina mokongoletsa, osawerenga. Chinanso, chidindo cha m'pasipoti yawo chinali chitatha kalekale, ndiye paliponse pamene pali tebulo, cholembera ndi munthu wofunsa mafunso, iwo ankalambalala.

Koma maloto anali nawo. Kwawo ku Ntcheu analemba mayeso a Sitandade 8 kawiri. Ulendo wachiwiri mudzi wonse unasonkhana pa golosale kumvera wailesi ikuwerenga mayina a ana osankhidwa kupita ku sekondale. Anamvetsera mpaka dzina lomaliza. La Chakufwa silinatuluke. Ndiye chibadwire Pilira, iwo ankangodikira tsiku limene dzina limeneli lidzatchulidwe anthu onse akumva. Vuto lake linali lakuti ankadikirira ku Joni ngati akadali ku Ntcheu.

Teni koloko itakwana anazimitsa makina otchetchera kapinga n'kukakhala pansi pa mtengo kunja kwa geti. Kumeneko anapeza a Davison, mnzawo wa ku Mulanje amene ankasamalira gadeni ya nyumba yoyandikana nayo. Tsiku lililonse ankamwera tiyi limodzi pamenepo. A Rabson atatulutsa buledi, kalata ija inagwera pansi.

"Ha! Mwana ameneyu ndi wamakani ngati amake," anaseka. "Taonani, Achimwene, wandibisira m'buledi."

A Davison anaitola kuti awapatse, koma maso awo anakodwa pa mawu apamwamba. Anaika kapu pansi. Anawerenga mpaka kumapeto, n'kubwereranso poyambira.

"Achimwene, Pilira ali giredi yanji?"

"Seveni."

"Ndipo munalembetsa kale?"

"Kulembetsa chiyani? Inunso mwayamba zomwezo? Mwanayo ali pasukulu kale."

"Ambuye wanga!" A Davison anagwira pakamwa. "Kuno si kumudzi, Achimwene. Kuno pulaimale imathera pa Giredi 7. Giredi 8 ndi sekondale, sukulu ina, mpanda wina, ahedi ena. Ndipo palibe amene amakusankhirani mwana. Kholo ndi limene limalembetsa pa intaneti n'kutchula sukulu zimene likufuna. Mukapanda kutero, boma silidziwa n'komwe kuti kuli mwana wofuna malo."

"Ngakhale ali nambala thuu?"

"Ngakhale akanakhala nambala wani Pretoria yonse."

A Rabson anayesa kuseka, koma kusekako sikunatuluke. "Ayi, mwina mukukokomeza. Januwale ndidzangopita naye ndekha, ndidzawachonderera."

"Inenso ndinkatero," anayankha a Davison, mawu atatsika. "Mukumukumbukira mwana wanga wamkazi Chiko, uja ndinakuuzani chaka chatha kuti akudwala? Sankadwala. Ndinachita manyazi kukuuzani zoona. Ndinapita naye Januwale monga mukuneneramu. Sukulu yoyamba, yadzaza. Yachiwiri, yadzaza. Tinayenda sukulu zisanu ndi imodzi. Mwana anakhala pakhomo mpaka Epulo, akuonera anzake pawindo. Pamene malo anapezeka kunali kutali, matakisi awiri, ndipo anzake anali atapita patsogolo. Chaka chino akubwereza. Mwana amene ankakonda sukulu uja, pano ndimachita kumukoka pabedi."

A Rabson anasiya kudya buledi uja. Mantha anawagwira, mantha enieni. Anakumbukira nkhope ya Pilira pakhomo paja, ndi momwe anamudulira mawu m'kamwa.

"Sitingachite pafoni yanu pompano?"

"Pamafunika manambala a mapepala a mwana ndi lipoti lake la kusukulu. Muli nazo pano?"

"Zili kunyumba."

"Ndiye mwakhaliranji? Kalatayi ikuti aphunzitsi akuthandiza makolo pa kompyuta mpaka thuu koloko. Pano ndi hafu pasiti teni, ndipo Winterveld si pano."

A Rabson anayang'ana pansi. "Nanga akakandifunsa pasipoti?"

"Kumeneko ndi kusukulu, si pa boda. Nyamukani, Achimwene!"

A Rabson anaimbira foni a Lonely n'kuwafotokozera zonse.

"Mayo ine," anatero a Lonely. "Mwanayo anandiuza Lamulungu ndikuchapa. Ndinati akauze inu."

"Ine ndinati zimenezo ndi za chaka chamawa."

"Tamutaya mwana tonse awiri, bambo a Pilira. Ine sindingachoke, andisiyira khanda. Mapepala ali m'sutikesi yobiriwira, pansi pa zitenje, m'jumbo ya shuga. Tengani jumbo yonseyo. Thamangani chonde, musandiimbirenso mpaka mutafika."

Kunatsala madamu. Mawa lake panyumbapo panali phwando, kapinga anali atatchetchedwa theka, ndipo maluwa a kumpanda anali asanadulidwe. Zaka zisanu ndi ziwiri a Rabson anali asanapemphepo kuchoka ntchito ili pakati. Ankadziwanso kuti pamphambano pafupi ndi nyumbayo pamaima anthu ambiri m'mawa uliwonse, odikira ntchito ngati yawoyo. Anagogoda pakhomo la kukhitchini chipewa chili m'manja.

"Lero, Rabson? Lero lenileni?" madamu anakweza mawu. "Ukudziwa kuti mawa kuno kukubwera anthu makumi atatu?"

Chingerezi chonse chinawathawa. Anangopereka kalata ija. Madamu anaiwerenga nkhope itakwinyika, kenaka anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Izi anatsegula mwezi watha. Unali kuti nthawi yonseyi?"

A Davison, amene anali ataima kumbuyo, ndi amene analowererapo. Anati kapingayo amaliza iwo akaweruka kwawo, ndipo za maluwa a Rabson adzalawirira mawa. Madamu anausa moyo.

"Sikisi koloko mawa ndikupeze pano. Pita."

Amene anayendapo ulendo umenewu akudziwa kuti takisi ilibe chisoni ndi munthu wofulumira. Ya ku Garsfontein inawatsitsa m'tauni ileveni koloko itadutsa. Anathamanga kudutsa misewu inayi kukafika pokwerera za ku Mabopane, n'kupeza takisi ili ndi mipando itatu yopanda anthu. Dalaivala anali panja akucheza ndi anzake, alibe nazo ntchito. Takisi ya kuno sinyamuka isanadzaze, ngakhale ulire. A Rabson ankatulutsa foni kuona nthawi, kuibweza m'thumba, kuitulutsanso. Munthu womaliza analowa thwelofu koloko ili pafupi.

Ali pakati pa ulendo, takisi inayamba kuchepetsa liwiro. Kutsogolo kunali apolisi akuimitsa magalimoto. Ichi ndicho a Rabson ankachiopa zaka zonsezi, ndipo chabwera lero, tsiku lokhalo limene akupita kusukulu ya mwana. Anapemphera chamumtima: Ambuye, ngati n'kundigwira, andigwire mawa. Wapolisi anazungulira takisi, anayang'ana matayala, anatenga laisensi ya dalaivala n'kupita nayo kugalimoto yawo. Mphindi khumi ndi zisanu zinathera pamenepo. Kenaka anabweza laisensiyo n'kukupiza dzanja kuti azipita. Okwera sanawafunse kanthu.

Ku Mabopane anakwera takisi yachitatu. Kunyumba anafika hafu pasiti wani. Anakhuthula sutikesi pabedi, zitenje za a Lonely zili mbwee pansi, anatenga jumbo ya shuga ija n'kutuluka. Atafika pamsewu anaima. Abale inu, zochititsa manyazi! Njira ya kusukulu ya mwana wawo sankaidziwa bwino. Anachita kufunsa mayi wogulitsa tomato, n'kuyamba kuthamanga m'fumbi, bambo wa zaka makumi anayi ndi zisanu, nsapato za m'gadeni zili phwa phwa phwa.

Ali chapatali anamuona Pilira. Mwanayo anali ataima mkati mwa geti, atagwira mawaya ndi manja onse awiri, akuyang'ana kumsewu. Anzake anali ataweruka kale. Atawaona bambo ake anangowagwira dzanja n'kuwakokera kuchipinda cha aphunzitsi. Wotchi ya pakhoma inkaonetsa kuti kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti thuu koloko ikwane.

Mkatimo munali mayi wamagalasi atakhala pa kompyuta, akumaliza kuthandiza kholo lina. Amenewa ndiwo anali Amayi Maluleke. Kholo lija litatuluka, anavala jekete n'kuyamba kulongedza mapepala.

"Dumela, Mma," a Rabson anapereka moni ali wefuwefu. "Ndine bambo ake a Pilira."

Aphunzitsiwo anasiya zimene ankachita. Anayang'ana a Rabson, anayang'ana Pilira. Analankhula Chingerezi pang'onopang'ono, ndipo pamene a Rabson ankasochera, Pilira ankamasulira.

"Bambo ake omubereka? Mumakhala naye nyumba imodzi?"

"Inde."

"Mundikhululukire, bambo. Ine ndinkaganiza kuti mwanayu ndi wamasiye."

Mawu amenewo Pilira sanawamasulire. Sipanafunikenso, a Rabson anawamva bwinobwino.

"Mwezi watha tinaitana makolo onse a Giredi 7," Amayi Maluleke anapitiriza. "Holo inadzaza. Pamzere wachitatu, pakati pa azibambo ndi azimayi, ndinaona mwana wavala yunifolomu, kope lili pamwendo, akulemba zonse zimene ndikunena. Ndinati, Pilira, mipandoyo ndi ya makolo. Anandiyankha kuti, ndikuwasungira malo abambo anga, abwera. Msonkhano unatha iye ali pomwepo."

A Rabson analakalaka pansi patatseguka. Anamuyang'ana mwana wawo, mwanayo n'kuyang'ana nsapato zake, nsapato zatsopano zija iwo anagula n'kumaganiza kuti udindo athana nawo. Misozi inalengeza m'maso mwawo, ndipo sanaibise.

"Ndalakwa, Amayi. Ndinkaganiza kuti kuno zimayenda ngati kwathu. Komanso... mapepala anga anatha."

"Ine ndine mphunzitsi," anatero Amayi Maluleke. "Ntchito yanga ndi yakuti mwana akhale m'kalasi. Mwana samanidwa sukulu chifukwa cha mapepala a makolo ake. Za pasipoti yanuyo mukakonze kumene amakonza, n'zofunika ndithu. Koma zisakulepheretseni kulowa pageti iyi. Khalani pansi, tione m'jumbomo."

Aphunzitsiwo anayamba kulemba pa kompyuta: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti ya mwana, komwe amakhala. Atafika posankha sukulu, anafunsa a Rabson kuti akufuna ziti. A Rabson sankadziwa ngakhale imodzi. Pilira anatsegula chikwama n'kutulutsa kope lija. Anali atalemba sukulu zisanu, kuyambira yapafupi, ndipo pambali pa iliyonse analemba ngati n'koyenda pansi kapena n'kokwera takisi.

"Awerengere abambo ako," anatero aphunzitsi. "Osankha ndi iwo, pamodzi ndi iwe."

Anawerenga, anagwirizana, Amayi Maluleke n'kudina potumizira. Pa kompyuta panabwera kachizindikiro kozungulira. Kanazungulira, kanazungulira, kenaka zonse analemba zija zinafufutika.

"Eish!" Pilira anagwira kumutu.

"Tsiku lomaliza zimatero," anatero aphunzitsi. "Ochedwa ndi ambiri, onse akukankhana pakhomo limodzi." Anayang'ana wotchi. Thuu koloko inali itadutsa ndi mphindi makumi awiri. Anavula jekete ija n'kuikoloweka pampando. "Tiyambirenso."

Ulendo wachiwiri zinakanikanso. Wachitatu, kachizindikiro kaja kanazungulira nthawi yaitali moti a Rabson anaiwala kupuma. Mwadzidzidzi kafoni kawo ka mabatani kanalira m'thumba. Unali uthenga wokhala ndi nambala yotsimikiza kuti Pilira walembetsedwa.

Aphunzitsi sanawalole kusangalala msanga. "Mvetsani bwino, bambo. Kulembetsa si kupeza malo. Pasanathe masiku asanu ndi awiri mupereke kalata ya eni nyumba yotsimikiza komwe mumakhala. Nambala ya foni iyi musasinthe, chifukwa yankho lidzabwera pomwepa. Likadzabwera mudzavomereze msanga, apo ayi malowo adzapatsa mwana wina. Ndipo Pilira akhoze Giredi 7. Imeneyo si ntchito ya iye yekha ayi. Muziona makope ake."

"Ine Chingerezi, Amayi..."

"Sipafunika Chingerezi kuti mufunse mwana zimene waphunzira lero. Akufotokozereni m'chinenero chanu. Mwana akamafotokozera wina ndi pamene iyenso amamvetsa."

Pobwerera kunyumba a Rabson anafunsa, "Unakhaladi mpaka msonkhano kutha?"

"Inde."

"Anzako sanakuseke?"

"Anaseka."

"Pepa, mwana wanga."

Chibadwire Pilira anali asanamvepo bambo ake akupepesa mwana. Anasowa poyang'ana. "Njira yachidule ndi iyi, Abambo," anatero akuloza kuseri kwa tchalitchi. "Muiloweze."

Mawa lake sikisi koloko a Rabson anali ali m'maluwa a madamu monga analonjezera. Kalata ya eni nyumba anakapereka Lachitatu, atapempheratu chilolezo kuntchito. Ndipo m'nyumba ya malata ija munayamba lamulo latsopano: kalata ya kusukulu sisayinidwa Pilira asanaiwerenge mokweza n'kuimasulira yonse, mpaka timawu tating'ono tapansi. Madzulo akaweruka, a Rabson ankakhala pa ndowa yovundikira n'kumamvetsera za masamu ndi za mitsinje ya dziko lino. Zambiri zinkawadutsa, koma ankafunsa mafunso mpaka mwanayo kuseka. Loweruka a Lonely ankatenga makope onse n'kuwatsegula tsamba ndi tsamba.

Komabe mtima sunakhale m'malo. Masabata anapita foni ili zii. Ana ena a pa yadi analandira mayankho awo, Pilira ayi. A Rabson ankakatchaja kafoni kaja ngakhale kali kodzaza, ndipo kakalira ali pa makina a kapinga ankazimitsa n'kuthamangira kwa a Davison kuti awawerengere, n'kupeza ndi uthenga wotsatsa malonda. Mumtima ankadziwa kuti malo akapanda kupezeka, wolakwa si boma, si aphunzitsi, koma iwo.

Uthenga unabwera Loweruka lina masana, onse atatu ali pakhomo. A Rabson anauyang'ana, anazindikira dzina lokha, n'kupereka foni kwa mwana wawo.

"Werenga."

Pilira anawerenga chamumtima kaye. Kenaka anakuwa, "Ndapeza malo! Sukulu yachiwiri ija, Abambo, yoyenda pansi!"

A Lonely analulutira mpaka anthu a pa yadi kutuluka m'nyumba zawo. Koma a Rabson anakweza dzanja.

"Ayi, sindinamve bwino. Werenga mokweza, kuyambira pa dzina. Pang'onopang'ono, ngati a pa wailesi."

Pilira anawayang'ana modabwa, kenaka anaimirira n'kukonza pakhosi. "Pilira... Chakufwa."

"Bwerezanso."

Anabwereza katatu, yadi yonse ikumva. Bambo uja anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka. Atadzutsa mutu anati, "Vala nsapato. Tipite pa malo a intaneti pamsika paja tikavomereze lero lomwe. Za mawa ine ndinasiya."

Mu Febuluwale sukulu yatsopanoyo inaitana msonkhano woyamba wa makolo. A Rabson anafika ola lathunthu nthawi isanakwane, holo asanatsegule n'komwe, atavala jekete ya kutchalitchi. Atatsegula anakhala pamzere woyamba. Pilira anawaperekeza mpaka pampando, anawapatsa kope lija ndi cholembera, n'kutuluka kukacheza ndi anzake panja, komwe ana amayenera kukhala.

Makolo anzanga a ku Joni kuno, nkhani ya a Rabson ndi ya ambiri a ife. Sukulu za kuno siziyenda ngati za kwathu, ndipo amene sakudziwa afunse, si zamanyazi. Mwana akamayandikira kuyamba Giredi 1, kapena akafika Giredi 7, funsani kusukulu nthawi yolembetsa malo, ndipo musadikire tsiku lomaliza. A Rabson anapulumuka mwamwayi, a Davison mwayi umenewo sanauone. Kalata ya kusukulu muziiwerenga musanasayine, ndipo Chingerezi chikavuta, mwana kapena mnansi akuwerengereni. Aphunzitsi akaitana pitani, ngakhale mwana sanalakwe. Nsapato ndi yunifolomu n'zofunika, koma sizingakhale pa msonkhano m'malo mwanu. Mpando wa kholo kusukulu ndi wanu. Musalole kuti mwana akusungireni mpaka msonkhano kutha.